Shuga akafika m'maso kayezetseninso impso ndi mapazi: mmene mungayendetsere nkhaniyi

Munthu wa shuga akauzidwa kuti shuga wayamba kuononga maso chimene chimabwera m'mutu ndi khungu basi, kuti kaya ndiona mpaka liti, kaya magalasi athandiza, nanga anawa awasamala ndani. Nkhawa yomveka imeneyo. Koma pali mbali ina ya nkhaniyi imene kuchipatala cha maso sapeza mpata woifotokoza bwinobwino sinanga panja pamakhala mzere mpakana pakhonde, yoti zimene adokotala aona kumbuyo kwa diso lanulo zikuchitikanso ku impso, ku mtima, mu ubongo ndi kumapazi, kungoti kumeneko palibe angasuzumireko. M'thupi monsemu diso ndi malo okhawo amene munthu amatha kuona timitsempha ta magazi mwachindunji osang'amba paliponse, nde timitsempha ta m'diso tikayamba kudontha musamati shuga wasankha diso lokha, ayi ndithu.

Kumbuyo kwa diso mkatimo kuli kachikopa kopyapyala kotchedwa retina, ndi kamene kamalandira kuwala, ndipo kadzadza ndi timitsempha ting'onoting'ono kwambiri. Shuga akakhala wokwera zaka ndi zaka makoma a timitsemphati amafooka, pena amachita timatuza, pena amayamba kudontha madzi, mafuta ndi magazi, pena kamtsempha kamangotsekeka mbali ija ya retina n'kusowa mpweya. Retina ikasowa mpweya imatulutsa chinthu chotchedwa VEGF chimene chimameretsa mitsempha yatsopano, koma yomerayo imakhala yosalimba, imaphulika magazi n'kudzadza m'diso, kapena imasanduka zipsera zimene zimakoka retina mpaka kuimatula. Madzi aja akadikha pakati penipeni pa retina, pamene timawerengera ndi kuzindikirira nkhope za anthu, pamatupa, ndiye maculopathy kapena macular oedema imene mumaiona italembedwa m'buku la kuchipatala ija.

Impso nazo ndi timitsempha tokhatokha. Impso imodzi ili ndi tosefera pafupifupi 1 miliyoni ndipo kalikonse ndi kampira ka timitsempha topiringizana. Zimakhala ngati sefa ya ufa imene mabowo ake akula, gaga amene amayenera kutsala pamwamba akugwera pansi limodzi ndi ufa. Impso yabwinobwino imataya zoipa mumkodzo n'kusunga puloteni m'magazi, yoonongeka imayamba kudutsitsa puloteni yotchedwa albumin, poyamba pang'onopang'ono moti simungadziwe olo pang'ono, palibe kupweteka kwa msana, palibe kutupa, mkodzo ukuoneka wabwinobwino. Chooneka chimabwera mochedwa kwambiri. Nde shuga yemweyo, BP yomweyo, fodya yemweyo ndi mafuta a m'magazi omwewo zikugunda diso ndi impso pa nthawi imodzi, komanso zikulimbitsa ndi kupanikiza mitsempha ikuluikulu yopita ku mtima, ku ubongo ndi ku miyendo. N'chifukwa chake munthu amene wapezeka ndi retinopathy, kuonongeka kwa retina kobwera ndi shugaku, makamaka ija yomera mitsempha yatsopano, amakhala pachiopsezo chachikulu cha sitiroko ndi matenda a mtima kuposa mnzake wa shuga amene maso ake ali bwino.

Ndipo si nkhani ya kunja iyi. Kafukufuku amene anachitika ku makiliniki a shuga a ku Queens ku Blantyre ndi ku Zomba Central, zotsatira zake zinatuluka mu 2014, anayeza anthu 357 ndipo theka lathunthu anapezeka ndi retinopathy, pafupifupi 3 mwa 10 aliwonse inali itafika poopseza kuona kwawo. Amene anali ndi BP yokwera, shuga wa zaka zambiri komanso magazi ochepa ndi amene maso awo anali oipa kwambiri. Sungani mfundo ya magazi ochepayo, tibwererako.

Kuyezetsa maso kwenikweni

Kuwerenga zilembo za pa bolodi kuja si kuyezetsa retina. Munthu atha kuwerenga mzere wapansi penipeni bwinobwino koma kumbuyoko mitsempha yatsopano itamera kale ikungodikira tsiku lophulika. Kugula magalasi pamsika kapena kuyezetsa mandala kushopu nakonso si kumeneko, ndipo ndinene pompano kuti ngati shuga wanu akukwera ndi kutsika musathamangire kugula magalasi chifukwa shuga amasintha kaonedwe, lero chimbuuzi mawa bwino, mudzangotaya ndalama. Dikirani shuga akhazikike kwa masabata angapo.

Kuyeza kwenikweni amakuthirani mankhwala odonthezera m'maso otanula mwana wa diso. Amaluma pang'ono kwa kamphindi, kenako mumakhala pabenchi mphindi 20 kapena 30, kakuda ka pakati pa diso kaja kamakula mpaka kutsala pang'ono kudzadza diso lonse, foni yanu simungathenso kuiwerenga, nde adokotala amaunika mkatimo ndi makina oika chibwano aja kapena kujambula chithunzi cha retina. Potuluka dzuwa limathobwa m'maso koopsa ndipo chimbuuzi chimakhalapo maola 4 mpaka 6, choncho tengani chipewa kapena magalasi a dzuwa, musayendetse galimoto kapena njinga yamoto, ngati n'kotheka pitani ndi gadiyani. Chinanso chimene ambiri amaiwala, mwamwa mapilisi a shuga a glibenclamide kapena mwabaya insulin m'mawa kenako mwakhala pamzere mpaka 1 koloko osadya kanthu, shuga amagwera pabenchi pompo. Nyamulani kachakudya ndi maswiti angapo m'thumba.

Zipatala za maso zilipo, ya Lions Sight First ku Queens, ya Lions ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ku Nkhoma, ku Zomba Central ndi ku Mzuzu Central, ndipo pachipatala cha boma cha m'boma lanu funsani ngati pali wa za maso, iye ndi amene angakutumizeni kwakukulu. Wa shuga wa mtundu wachiwiri, uja wa akuluakulu, ayezetse maso atangomupeza ndi shuga chifukwa nthawi zambiri amakhala atayenda naye zaka osadziwa. Wa mtundu woyamba ayambe zaka 5 zisanadutse chimupezereni. Kuchoka apo kamodzi pachaka, kapena pafupipafupi ngati adokotala atero.

Tsopano apa nde pagona nkhani. Musatuluke m'chipindamo ndi mawu oti "tapeza pang'ono" basi. Pemphani mwaulemu kuti alembe m'buku lanu zimene apeza diso lililonse palokha, kaya no DR kutanthauza palibe retinopathy, kaya mild, moderate kapena severe NPDR imene mitsempha yatsopano siinayambe kumera, kaya PDR imene ndi ija ya mitsempha yatsopano, komanso ngati pakati patupa kapena ayi. Abale athu a ku England amalandira kalata ya zotsatira za kuyeza kwa NHS, zipatala za boma za kumeneko, kumeneko amagwiritsa ntchito R0 mpaka R3 ndi M0 kapena M1, tanthauzo lake ndi lomwelo. Chifukwa cholembetsera n'choti kiliniki ya maso, kiliniki ya shuga ndi BP, ndi kiliniki ya ma ARV kwa amene amamwa, sizimayankhulana zokha, wonyamula uthenga kuchoka khomo ili kupita khomo lina ndi inuyo ndi buku lanu. Ine ndimalimbikitsa kuti tsamba lomaliza la bukulo mulijambule mizere, mulembe deti, BP, shuga kapena HbA1c (kuyeza koonetsa mmene shuga wakhalira miyezi itatu yapitayo), za maso, za mkodzo, creatinine (kuyeza magazi koona impso) ndi za mapazi, kuti dokotala aliyense akangotsegula aone zonse pamodzi osachita kufufuza masamba 40 a zolemba zosawerengeka zija. Mulijambulenso pafoni poti mabukuwa amanyowa, amatayika.

Zoyenera kupempha za impso

Mukafika ku kiliniki ya shuga onetsani tsamba la maso lija n'kunena kuti akumaso apeza retinopathy, mukupempha kuyezedwa impso. Mayeso ake ndi awiri ndipo limodzi silokwanira, wa mkodzo ndi wa magazi.

Wa mkodzo wabwino kwambiri ndi ACR, umagwira albumin akadali wochepa. Pansi pa 3 mg/mmol zili bwino, 3 mpaka 30 ndiye kuti kudontha kwayamba, kupitirira 30 kwakula. Malabu ena amalemba mu mg/g, pamenepo manambala ake ndi 30 ndi 300. ACR sapezeka paliponse, malo ambiri ali ndi kapepala koviika mumkodzo kaja kamene kamalemba negative, trace, +, ++, kameneko kamagwira zinthu zitapita patali koma bola kameneko kusiyana ndi kusayezetsa n'komwe. Mkodzo wake ukhale woyamba wa m'mawa, m'kabotolo koyera, mutaye woyambirira kutuluka n'kutapa wapakati. Musayezetse muli kumwezi, muli ndi malungo kapena thupi latentha, mukumva kuwotcha pokodza, kapena dzulo lake munalima tsiku lonse kapena kusewera mpira, zonsezi zimakweza puloteni mumkodzo kwa kanthawi n'kukuopsezani chabe. Ndipo kupezeka kamodzi sikutanthauza kuti basi zatha, amabwereza, akapezeka kawiri pa maulendo atatu m'miyezi 3 mpaka 6 ndi pamene amati ndi zoona.

Wa magazi ndi creatinine, koma nambala ya creatinine payokha imapusitsa, agogo owonda opanda minofu akhoza kukhala ndi creatinine yooneka yabwino impso zitatsika kale ndi theka. Funsani kuti eGFR, nambala yoonetsa mmene impso zikusefera, ndi zingati, amaiwerengera kuchokera ku creatinine yomweyo, zaka zanu komanso ngati ndinu mwamuna kapena mkazi. Ikakhala pansi pa 60 kwa miyezi 3 amati ndi matenda a impso okhalitsa, pansi pa 30 zafika povuta ndipo mankhwala ambiri amayenera kusinthidwa, pansi pa 15 nkhani imakhala ya makina osefera magazi. Makinawo ku Malawi aliko ku Kamuzu Central ndi ku Queens koma ndi ochepa poyerekeza ndi ofuna, ndipo munthu amayenera kumapita kangapo sabata iliyonse kwa moyo wake wonse, nde cholinga cha zonse ndikulembazi ndi kuti musafikeko, kapena mufikeko mochedwa kwambiri.

Zimayendanso chobwerera. Ngati akupezani ndi puloteni mumkodzo koma maso simunayezetsepo, pitani kumaso mwezi womwewo. Zotsatira za maso zimathandiza adokotala kudziwa ngati impsozo zaonongekadi ndi shuga. Kwa a shuga wa mtundu woyamba impso zikaonongeka ndi shuga pafupifupi nthawi zonse maso nawo amakhala akuonetsa, kwa a mtundu wachiwiri sizigwirizana ndendende choncho, komabe munthu amene ali ndi puloteni wambiri mumkodzo maso ake ali oyera mbee, kapena mkodzo wake uli ndi magazi, kapena impso zatsika mwachangu m'miyezi yochepa, pamafunika kufufuza china. Kwathu kuno zina zimenezo si zachilendo, likodzo kwa a m'mbali mwa nyanja ndi ku Shire kumunsi, HIV payokha, BP yokhalitsa, prostate kwa abambo achikulire. Amene mumamwa ma ARV dziwani kuti tenofovir amene ali m'pilisi la TLD amatha kulemetsa impso, komanso dolutegravir wa m'pilisi lomwelo amachulukitsa mphamvu ya mankhwala a shuga a metformin m'thupi. Sindikunena kuti musiye ma ARV, musayerekeze n'komwe, ndikunena kuti kukiliniki ya ma ARV adziwe zoti muli ndi shuga ndipo aone creatinine yanu, alipo mankhwala ena amene angakusinthireni.

Thovu lambiri mumkodzo losaphwa msanga, zikope zotupa m'mawa, mapazi otupa oti mukadina ndi chala pamatsala kadzenje, nseru, kuyabwa thupi lonse, kutopa kosatha, zimenezo ndi za mochedwa, musazidikire.

BP ndiye mfundo yaikulu

Anthu a shuga ambiri mtima wonse umakhala pa kamakina koyezera shuga, BP n'kumaiona ngati yachiwiri. Koma pa nkhani ya maso, impso ndi sitiroko BP ndi yoopsa chimodzimodzi, ndipo impso zikayamba kuonongeka zimakwezanso BP, BP ija n'kuonjezera kuononga impso ndi maso, zikungozungulira. Kafukufuku wa UKPDS wa ku Britain amene anatuluka mu 1998 anayerekeza magulu awiri a anthu a shuga wa mtundu wachiwiri, ena BP yawo inali cha mu 144/82 ena 154/87, kusiyana kochepa chonchi, koma gulu lotsikalo sitiroko inachepa ndi 44 peresenti ndipo kuipiraipira kwa retinopathy kunachepa ndi 34 peresenti. Ku Malawi kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu aliwonse ali ndi BP yokwera ndipo ambiri sankadziwa.

Kwa ambiri cholinga ndi kukhala pansi pa 130/80, agogo okalamba kwambiri amene amachita chizungulire adokotala amatha kuwapatsa china. Koma muziyeza moyenera, osati mwangotsika mu minibasi, mwathamangira pamzere thukuta lili kamukamu n'kupereka mkono. Khalani pansi mphindi 5, msana utatsamira, mapazi onse pansi osapingasa miyendo, mkono uli patebulo molingana ndi mtima, mutakodza kale, osayankhula makina akupopa. A mikono ikuluikulu pemphani lamba wamkulu chifukwa wamng'ono amaonetsa nambala yokwera.

Ngati muli ndi albumin mumkodzo mankhwala oyenera kukhala nawo ndi a gulu la enalapril, lisinopril kapena captopril, kapenanso losartan, chifukwa kuonjezera pa kutsitsa BP amachepetsa presha mkati mwa tosefera tija. Amlodipine ndi HCT ndi abwino pa BP koma ntchito imeneyi sagwira mofanana, nde ngati mukumwa amenewo okha funsani. Mukayamba enalapril kapena akakuonjezerani mlingo pamafunika kuyeza creatinine ndi potassium (mchere wina wa m'magazi) pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, kukwera pang'ono n'koyembekezeka musachite mantha. Ena amawapatsa chifuwa chouma chokwiyitsa usiku, musangosiya mwakachetechete, nenani akusinthireni losartan. Awiriwa samwera pamodzi. Aliponso mankhwala atsopano, empagliflozin ndi dapagliflozin, amene aonetsa kuti amateteza impso ndi mtima, mtengo wake ndi wowawa koma amene mungakwanitse kambiranani ndi adokotala anu.

Mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi kosadzadza mpaka pamwamba, ndipo kameneko kakuphatikiza wa m'ndiwo, wa mu usipa wouma, soseji, tchipisi cha pachiwaya choviika mumchere chija, timakyubu tokometsera ndiwo, ngakhale soda wothira mu therere ndi chisoso naye ali m'gulu lomwelo. Za kusiya nthochi, mapeyala ndi tomato chifukwa cha potassium musadziyambire nokha mutangowerenga pa WhatsApp, zimenezo ndi za amene ayezedwa n'kupezeka kuti potassium wakwera.

Mankhwala amene amapweteka impso ali m'magolosale momwemu. Brufen, diclofenac, indocid, anthu amamwa ngati mtedza chifukwa cha msana ndi mawondo, koma kwa munthu wa shuga amene ali pa enalapril ndi mapilisi okodzetsa amenewa akhoza kugwetsa impso m'masiku ochepa. Panado ndi amene ali bwino, pa mlingo wake. Zitsamba za m'mabotolo zoti zimatsuka impso kapena kuchiza shuga, palibe akudziwa zimene zili mkatimo ndi kuchuluka kwake, ndipo zonse zimakathera ku impso zomwezo. Mukadwala kutsegula m'mimba kapena kusanza mpaka osatha kumwa madzi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo ndi mankhwala anu onse m'jumbo, chifukwa metformin, enalapril ndi okodzetsa amayenera kuyamba aimitsidwa kaye thupi likauma, koma insulin saimitsa.

China chimene chimapusitsa anthu ndi ichi. Munthu wakhala ndi shuga wovuta zaka zambiri kenako mwadzidzidzi shuga wayamba kutsika yekha, akunjenjemera pafupipafupi, thukuta usiku, achibale n'kumati wachira, pemphero layankhidwa. Nthawi zambiri ndi impso zimene zafooka moti insulin ndi glibenclamide sizikuchoka m'thupi mwachangu ngati kale. Pamenepo kayezetseni creatinine msanga. Glibenclamide pa impso zofooka ndi woopsa, amagwetsa shuga kwa maola ambiri, ndipo metformin amachepetsedwa eGFR ikatsika pansi pa 45, amasiyidwa ikafika pansi pa 30.

Za shuga weniweniyo sinditalikitsa, mukuzidziwa. Kafukufuku wa DCCT wa ku America ndi Canada wa 1993, wa anthu 1,441 a shuga wa mtundu woyamba, anaonetsa kuti kusunga shuga pafupi ndi pabwino kunachepetsa kuyamba kwa retinopathy ndi 76 peresenti ndipo kuyamba kwa albumin mumkodzo ndi 39 peresenti. HbA1c ya cha mu 7 ndiyo cholinga cha ambiri. Zoonjezera ndi ziwiri. Ngati shuga wanu wakhala m'mwamba zaka zambiri ndipo maso ali kale ndi vuto, kumugwetsa mwadzidzidzi, kaya ndi insulin kaya ndi majakisoni a semaglutide atchukawa, kumatha kuipitsa retina kwa kanthawi, nde yezetsani maso musanayambe ndiponso miyezi yoyambirira, osati kuleka kutsitsako ayi. Chachiwiri ndi magazi ochepa aja. Impso ndi zimene zimatulutsa chinthu chouza mafupa kuti apange magazi, zikafooka magazi amachepa, retina imene ikusowa kale mpweya imavutika kwambiri, komanso HbA1c imayamba kunama. Choncho pemphani ayezenso Hb, kuchuluka kwa magazi.

Mapazi, mtima ndi ubongo

Apa pali kulumikizana kumene anthu saganizira. Wa shuga wa nthawi yaitali mapazi amachita dzanzi, minga kapena msomali umalowa osamva, ndiye chomuteteza chimatsala ndi maso, kuti aone bala. Nanga maso nawo akachita chimbuuzi? Bala limakhala pansi pa phazi sabata ziwiri, akulidziwa ndi fungo. Choncho amene maso ayamba kuvuta apeze munthu wa pakhomo, mwana kaya mkazi kaya mwamuna, woti madzulo aliwonse aziyang'ana mapaziwo powala, pansi pake, chidendene ndi pakati pa zala, ndipo zikhadabo aziwenga ndi munthu woona bwino, osati lezala m'manja mwa munthu wa chimbuuzi. Yemweyo aziona mizere ya pa sirinji ya insulin. Musanavale nsapato igwedezeni n'kupisamo dzanja. Miyezi ya June ndi July musamaothe mbaula mapazi ali pafupi, anthu amapsa osamva, ndipo madzi osamba muziyesa ndi chigongono.

Ku kiliniki vulani nsapato ndi masokosi musanauzidwe, kamodzi pachaka akhudze mapaziwo ndi kaulusi kolimba kaja koyezera dzanzi, komanso amve kugunda kwa mitsempha pamwamba pa phazi ndi kuseri kwa kakolo. Mukamayenda akatumba n'kumapweteka mpaka kuima, mukapuma pang'ono ululu n'kutha, mukayambanso n'kubwerera pamtunda womwewo, umenewo si ukalamba, ndi mitsempha ya m'miyendo imene yapanikizika. Phazi lozizira kuposa linzake, chala chosintha mtundu, kapena bala losapola pakatha masiku ochepa, musayambe ndi mankhwala a pakhomo.

Abambo, nkhani ya kuchipinda nayo ndi ya mitsempha yomweyi. Ambiri akaona mphamvu zikuchepa amangoti basi ndagwa mumpapaya n'kuthamangira gondolosi kapena timapilisi ta pamsika, koma kawirikawiri chimenecho chimakhala chizindikiro choyambirira choti mitsempha ya ku mtima nayo siili bwino. Auzeni adokotala, anamvapo zoposa pamenepo.

Mtima wa munthu wa shuga umatha kudwala osapweteka pachifuwa ngati mmene anthu amayembekezera, pena ndi befu chabe pokwera kamtunda komwe mumakwera bwinobwino, thukuta lozizira, nseru, kulemera kwa nsagwada kapena mkono. Sitiroko zizindikiro zake ndi kukhota kwa kamwa, mkono kapena mwendo kufooka mbali imodzi, lilime kulemera. Ndipo pali china cha m'maso chimene chili m'gulu la sitiroko, diso limodzi kuchita mdima bii kwa mphindi zochepa kenako n'kuyambanso kuona, kameneko kamakhala kachidutswa kochokera mumtsempha wa m'khosi, musati poti zatha basi zatha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzi kuona zinthu ziwiriziwiri mwadzidzidzi kapena chikope kugwa. Wa shuga amene wapitirira zaka 40, kapena amene ali ndi vuto la impso, nthawi zambiri amayenera kukhala pa mankhwala otsitsa mafuta a m'magazi monga atorvastatin kapena simvastatin, funsani ngati simunapatsidwe. Aspirin amene adokotala anakupatsani chifukwa cha mtima kapena sitiroko musasiye poopa kuti achulukitsa magazi m'diso, anafufuza kale n'kupeza kuti saonjezera vutolo, koma musamuyambenso nokha. Fodya, kaya wa ndudu kaya chingambwe kaya wa mphuno, palibe zokambirana.

Leza ndi jakisoni wa m'diso

Tizinthu takuda tambiri toyandama m'diso tobwera mwadzidzidzi, kung'anima, mbali ina ya diso kuphimbika, mizere yowongoka kuoneka yokhota, kapena diso lofiira lopweteka kwambiri, zimenezi sizidikira deti la kiliniki.

Akakuuzani za leza (laser), kuotcha mbali zina za retina ndi kuwala kwa makina, musathawe. Mbiri yoti leza imachititsa khungu imachokera kwa anthu amene anafika mochedwa, diso linali likupita kale, leza n'kusenza mlandu. Ntchito yake si kubweza kuona kumene kwatayika, ndi kugwira kumene kwatsala, ndipo pa PDR imachepetsa chiopsezo cha khungu ndi kupitirira theka. Zoona, kuona kwa m'mbali ndi kwa usiku kumatsikako, ndipo pena pamafunika maulendo angapo, amalizeni onse. Pakati pa retina pakatupa amabaya jakisoni m'diso, Avastin ndi amene amapezeka kwambiri, amayamba achititsa dzanzi ndiye sizipweteka mmene zimamvekera, koma amabwerezedwa mwezi ndi mwezi poyambirira. Musanabayidwe auzeni ngati munachita sitiroko kapena vuto la mtima miyezi yapitayi. Auzeninso za impso, chifukwa thupi likasunga madzi, miyendo yatupa, BP ili m'mwamba, retina nayo imatupa ndipo jakisoni yekha sagwira bwino mpaka madziwo ndi BP zitakonzedwa. Ng'ala nayo imabwera msanga kwa a shuga, opareshoni yake imatheka bwinobwino, kungoti mmene mudzaonere pambuyo pake zimadalira mmene retina ilili kumbuyoko, nde funsani zimenezo musanalowe kuti musadzakhumudwe.

Amayi a shuga amene mukufuna kutenga pathupi, mimba imatha kufulumizitsa retinopathy komanso kulemetsa impso, ndipo amene ali ndi albumin mumkodzo amakhala pachiopsezo cha BP ya mimba ija yoopsa. Yezetsani maso, mkodzo ndi creatinine musanaime, kapena miyezi itatu yoyambirira ngati mimba yabwera kale, kenako mobwereza mmene akumaso anenere mpaka mutachira, ndipo kusikelo muwauze tsiku loyamba lomwe kuti muli ndi shuga komanso zimene akumaso anapeza. Enalapril, losartan ndi anzawo amapweteka mwana m'mimba, mankhwala a mafuta aja nawo kawirikawiri amaimitsidwa, choncho kambiranani zowasintha mukadali pa kulera, osati mimba itaoneka kale.